Mbewu ya Malemu Achimwene

Alamu anga, amuna awo a achemwali, ndinawaphikira chiwembu kwa milungu isanu yathunthu. Ndinkadzuka nacho, kupita nacho kuntchito, kudyera nacho limodzi. Anthu akamva kuti nkhani yonse inali ya gemu ya pafoni amaseka, amati mzimayi wamkulumkulu ngati ine n'kumapsa mtima ndi zidole. Aseke, mano ndi awo. Ine ndikudziwa chimene chinandiwawa, ndipo mpaka lero sindinachiiwale.

Zaka zimenezo ndinkagwira ntchito pa malire a Mwanza, pa kakampani kena kokiliya katundu wa mathiraki. Ntchito yake ndi ya mapepala ndi kudikira, makamaka kudikirako. Netiweki ikagwa mathiraki ankandanda mpaka osaona pothera, madalaivala n'kuyala makatoni pansi pa magalimoto awo. Ife maejenti tinkakhala pakhonde la maofesi athu, kusenda manachesi ndi kunena anthu. Alamu nawonso anali ejenti, pa kampani ya khomo loyandikana ndi lathu, choncho nkhope yawo ndinkaiona tsiku lililonse kaya ndikufuna kaya ayi.

Gemuyo inabwera ndi achimwene, amene ndinapondana nawo. Iwo anali dalaivala wa njira ya ku Beira, ndipo akafika pamalire ankaimika thiraki n'kubwera pakhonde pathu kudzadikira mapepala awo. Tsiku lina anatulutsa foni n'kutionetsa kamunthu konyamula nyali kakulowa m'phanga. Ukayendayenda n'kupeza makwerero umatsikira m'phanga lina la pansi pake, kenako lina, kumangotsika. M'njiramo muli makoswe, njoka, ndi zilombo zina zoti m'Chichewa zilibe dzina. Umatolanso malupanga ndi mabotolo a mankhwala amitundu yosiyanasiyana, ena ochiritsa, ena akupha, ndipo lochiritsa sulidziwa mpaka utamwa. Moyo ndi umodzi basi. Ukafa umabwerera pamwamba, ndipo mapanga aja suwapezanso, umapeza ena achilendo.

Chimenechi ndicho chinatizunguza mitu. Dalaivala wina wa ku Zobue, tsidya lina la malire, bambo wa ndevu zaimvi amene ankakonda kucheza nafe, anaitenga foniyo n'kumaitembenuza ngati akufuna kuona polowera.

"Amigo, ndiye kuti kunjako kuli anthu angokhala pansi kumajambula mapanga? Ine ndikafa kakhumi, iwo ajambule kakhumi? Satopa?"

"Palibe akujambula, bambo," anatero achimwene. "Foniyi yangosunga malamulo, ngati mmisiri wodziwa kuti chitseko chimakhala pakhoma osati padenga. Mapangawo imamanga yokha pompo. Koma kuti iyambe kumanga imafuna mbewu."

Anationetsa kabokosi kopanda kanthu kamene kamabwera gemu isanayambe. Ukakasiya choncho, foni imadzisankhira yokha mbewu imene iwe suidziwa. Koma ukalembamo mawu alionse, kaya mpunga kaya njinga, mawuwo ndiwo mbewu, ndipo mapanga amamera kuchokera pamenepo. Ukalembanso mawu omwewo mawa, ngakhale pafoni ya munthu wina, mapanga ake ndi omwewo, khoswe aliyense pamalo pake, botolo lililonse pakona pake. Ukangolowa, mawu aja saonekanso paliponse.

Ife ana a alimi zimenezi tinazimva msanga. Amene anapanga gemuyo sindikhulupirira kuti ankaganiza za chimanga chamakolo chimene amayi amapachika kutsindwi la khitchini kuti utsi uchiteteze ku anankafumbwe, koma ife tinaganiza chimenecho. Pasanathe mwezi aliyense pakhonde anali nayo gemuyo m'foni, ndipo tinayamba kupemphana mbewu monga timachitira kumudzi mvula ikayandikira. Mwambo wake tinangounyamula momwemo. Kwathu munthu wopempha mbewu sabwerera chimanjamanja, ngakhale munatukwanana dzulo lake. Mkangano umene sunkatha unali woti wofika patali wafika ndi luso kapena ndi mwayi. Achimwene ankati luso ndi kudziwa kuchita mantha pamalo oyenera. Alamu, amene ankafa ndi khoswe woyamba, ankati zonse ndi mwayi ndipo foni imakondera.

Pano ndiyenera kuulula khalidwe langa, apo ayi zotsatirazi simuzimvetsa. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi kwathu ku Thambani, msuweni wanga anandinamizira kwa amayi kuti ndanyambita shuga, ndipo ndinakwapulidwa. Sindinalire nthawi yaitali, ndinangosunga. Mvula itayandikira, msuweniyo anapatsidwa kamunda kake n'kubwera kudzapempha mbewu ya mtedza. Ndinati amayi atuluka koma ndikupatsa ndine. Ndinautenthetsa mtedzawo m'phale pang'ono chabe, osaupsereza khungu, n'kumupatsa ndikumwetulira. Mwana wa anthu anabzala, anapalira dothi lokhalokha milungu itatu, osamera ngakhale kamodzi. Achimwene ndi amene anandigwira, poti anandiona ndikutsuka phale popanda wondituma. Anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankanditchula kuti wankhwidzi. Likachokera pakamwa pawo dzinali silinkandiwawa. Alamu atalowa m'banja mwathu analitola, ati ndi nthabwala za pachilamu, koma pakamwa pawo linkandibaya.

Chaka chomaliza cha moyo wawo achimwene anayambitsa ulendo wathu wa awiri. Analemba mbewu m'kabokosi ataphimba foni ndi dzanja, akuseka okha. Nditafunsa anati adzandiuza tikafika pansi penipeni. Tinagawana mapanga: loyamba lawo, lachiwiri langa, lachitatu lawo, choncho. Munthu ukafika pamakwerero umapereka foni kwa mnzako. Ankaisunga gemuyo osaigwira ulendo wonse wa ku Beira, kuti tidzapitirize limodzi akabwera. Tinkayenda pang'onopang'ono, mwamantha, poti moyo unali umodzi ndipo unali wa tonse awiri. Ine ndikalakwitsa ankandikalipira ngati ndagwetsa thiraki m'ngalande.

Zinatitengera miyezi inayi kufika phanga lachisanu ndi chinayi, kumene palibe wapakhonde anali atafikako. M'phanga lachisanu ndi chitatu, limene linali langa, ndinatola kiyi wachitsulo kuseri kwa chifanizo chogumuka. M'lachisanu ndi chinayi achimwene anapeza chitseko chokiya, chachikulu, chokhala ndi mizere yofiira m'mbali. Anaimika kamunthu kathu patsogolo pake. Nthawi yomweyo mapepala awo anatuluka, ndipo mathiraki akumbuyo anayamba kuimba mahutala.

"Titsegule msangamsanga, achimwene," ndinatero.

"Iwe, chitseko ngati ichi sutsegula utaimirira. Tidzatsegula ndikabwera, tili phee, ndi manachesi athu."

Anabweradi, koma atagona kumbuyo kwa thiraki ya mnzawo, thupi likutentha ndi malungo. Patatha masiku atatu anamwalira.

Za maliro sindinena. Pogawa katundu wa malemu, akuluakulu anapereka foni kwa alamu poti yawo inali yosweka galasi. Ine sindinatsutse, ndinangowapempha kuti asaigwiregwire mpaka tipeze njira yoitsegulira, chifukwa achimwene anaikiya ndi kachizindikiro kojambula ndi chala. Anavomera ndi mutu. Nditabwerera kuntchito ndinawapeza akuimbira anthu pafoni yomweyo.

"Alamu, mwaitsegula bwanji?"

"Aa, ndinapita nayo kwa okonza mafoni kumsika, aiflasha. Yayera mbee, ngati yatsopano. Bwanji, munali zithunzi zanu?"

Kuflasha ndi kufufuta zonse za m'foni. Kamunthu kathu, kiyi wanga, chitseko chija, zonse zinapita m'mphindi zochepa kuti munthu aziimbira makasitomala. Ndinalowa m'ofesi n'kutseka chitseko. Chimene chinatsala n'chimodzi: ndikanapeza mbewu ija, mapanga akanameranso omwewo, ndikanatsikanso ndekha mpaka kukatsegula. Ndinayesa dzina la mudzi wathu, dzina la amayi, nambala ya thiraki, nyimbo imene ankaikonda kutchalitchi, dzina la mtsikana amene anawakana ali kusekondale. Chilichonse chinkandipatsa mapanga, koma osati athu.

Nthawi imeneyo pakhonde panali patayambika mpikisano. Netiweki ikagwa, onse ankayamba gemu nthawi imodzi, kabokosi kali kopanda kanthu, ndipo wofika pansi kwambiri netiweki isanabwere ndiye wapambana. Mphotho yake inali mpando. Pakhonde ponse panali mpando umodzi wokha wotsamira, ndipo unali pafupi ndi soketi yotchajira mafoni. Enafe tinkakhala pa mabenchi ndi pa zidebe. Mwadzidzidzi mpando uja unasanduka wa alamu. Munthu amene ankadyedwa ndi khoswe woyamba anayamba kufika phanga lachisanu ndi chiwiri, lachisanu ndi chitatu, sabata ndi sabata. Chiphunzitso chawo chinasinthanso. Tsopano ankati mwayi ndi mawu a anthu aulesi, ndipo ankagogoda pachipumi pawo ndi chala n'kumati, "Ndi mutu uwu, abale anga, mutu."

Choyamba chimene chinandidabwitsa ndi mamwedwe awo. Mu gemu ija mtundu wa botolo sutanthauza kanthu, lofiira likhoza kukuchiritsa lero, mawa n'kukupha, malinga ndi mbewu. Aliyense wodziwa amamwa botolo lachilendo mtima uli m'mwamba. Alamu ankangoti lofiira gwi, osaphethira. Chachiwiri, poyamba mpikisano ankatembenukira kukhoma, ati dzuwa likuwalepheretsa kuona.

Tsiku lina ndinadutsa kumbuyo kwa mpando wawo ndi mbale yanga ya chinangwa, n'kusuzumira. Ndinaima n'kuyang'anitsitsa. Anali m'phanga lachinayi, phanga langa. Dziwe looneka ngati phazi la munthu linali pomwepo, mlatho wothyoka pakati unali pomwepo. Kamunthu kawo sikanayang'ane uku ndi uku, kanalunjika kuseri kwa mwala kumene ine ndinapeza nsapato zachitsulo nditafufuza theka la ola. Munthuyu anali ndi mbewu ya achimwene. Ankaibzala mobisa tsiku ndi tsiku n'kumakolola ulemu.

Ndinawadikira kumpopi wa kuseri kwa maofesi, kumene timasamba m'manja. Ndinadziletsa, ndinayankhula mwaulemu.

"Alamu, mbewu ya achimwene muli nayo, ndaona. Za mpikisano wanu sindiuza munthu. Ndikupempha, ndipatseni."

Anandiyang'ana, madzi akudontha m'manja, kenako anamwetulira kumbali.

"Wankhwidzi."

"Mwati chiyani?"

"Ndati wankhwidzi. Kapena makutu adwala?"

Anakutumula manja n'kumapita akuseka. Ndinaima pamenepo mpopi ukutayika madzi. Munthu wafufuta zathu, waba munda wa malemu, wandimana mbewu ine mlongo wake wa mwiniwakeyo, ndiye n'kunditchula dzina limene mwiniwake ali m'manda. Ndinakadandaula kwa achemwali. Mawa lake anandibwezera yankho loti alamu akuti anandipatsa kale. Bodza pamwamba pa chipongwe. Ndinauza achemwali kuti chabwino, nkhani yatha. Achemwali amandidziwa, anandiyang'ana mwamantha.

Ndinagula kope. Nthawi iliyonse yopuma, ndiponso Lamlungu lililonse ndikabwera kutchalitchi, ndinkalemba mawu m'kabokosi, kulowa, kuona phanga loyamba ndi lachiwiri, kulemba m'kope zimene ndapeza, kutuluka, kuyesa ena. Sindinkafuna mbewu yovuta chabe. Yovuta ikanapha aliyense, alamu akanabisala m'gulu. Ndinkafuna mbewu yooneka bwino kunja koma yakufa m'kati, yoti iphe munthu mmodzi yekha, amene amadziwa munda umodzi n'kumayesa kuti dziko lonse ndi lotero. Ndinayesa mayina a ndiwo zamasamba, ziwiya za m'nyumba, zida za thiraki, ngakhale mawu otukwana amene sindingawalembe pano. Mwana wanga ankadabwa kuti amayi ayamba liti kukonda sukulu. Abwana anandikalipira kawiri chifukwa cholakwitsa mapepala, ndinapepesa pakamwa pokha.

M'sabata yachisanu ndinaipeza. Mawu ake anali opusa, chigubu. Phanga loyamba linali lokongola, lotakasuka, lopanda chilombo pafupi. Ukangokhota kamodzi umalowa m'chipinda chodzaza udzu wouma, ndipo pakati pake pali botolo lofiira, langokhala ngati mphatso. Ukamwa, moto umabuka m'thupi n'kugwira udzu wonse, kothawira kulibe. Ukalisiya botolo n'kupitirira, lupanga sulipeza mpaka phanga lachitatu, uyenera kulimbana ndi makoswe ndi ndodo, kubwerera m'mbuyo, kuwadikira pakhomo kuti abwere mmodzimmodzi. M'munda wa achimwene lupanga labwino linali m'chipinda choyamba penipeni, choncho alamu sanaphunzirepo kumenya ndi ndodo. Nditaona kamunthu kanga kakupsa ndinaseka ndekha mpaka misozi, ndipo fungo la mtedza wa m'phale lija linandibwerera m'mphuno.

Ndinaiphunzira mbewu imeneyo masiku anayi mpaka ndinailoweza. Inde, ndikudziwa, ndi chinyengo chomwecho chimene ndinkawadera alamu. Sizinandivute ngakhale pang'ono.

Ndinadikira tsiku la anthu ambiri. Linafika Lachisanu lina, netiweki itagwa kuyambira m'mawa, pakhonde podzaza maejenti ndi madalaivala, bambo wa ku Zobue uja alinso pomwepo. Alamu anali pampando wawo, mwendo pamwamba pa unzake. Anthu atayamba kutulutsa mafoni ndinaimirira.

"Abale, mkangano wa luso ndi mwayi watikwana. Lero tibzale mbewu imodzi tonse, munda umodzi, mvula imodzi. Wopambana ndiye kuti ndi mutudi."

"Iyo ndiye nkhani!" anatero bambo wa ku Zobue. Ena onse anavomera mwaphokoso.

Alamu anatsitsa mwendo. Anati batire lawo latsala pang'ono. Ndinawakumbutsa kuti akhala pafupi ndi soketi, ndipo ndinatulutsa tchaja m'chikwama n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anati mwambo wa mpikisano susinthidwa pakati pa chaka. Wina anakuwa kuti katswiri saopa munda. Ndinalemba chigubu pa katoni ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo tinagwirizana kuti aliyense alembe foni ili poyera, woyandikana naye akuona. Ine ndinakakhala pa chidebe pafupi ndi alamu, dzuwa ndinalitchinga ndi thupi langa kuti lisawavutitse.

Ena onse atafika m'chipinda cha udzu analitola botolo lija n'kulisunga, monga amachitira munthu amene gemu inamulumapo. Alamu anali ndi thukuta pamphuno. Anayenda mokayika, kenako anaona chofiira, ndipo nkhope yawo inamasuka ngati munthu waona wakwawo m'tauni yachilendo. Gwi. Moto uja unadzaza galasi lonse. Wosenda nachesi anali asanamalize kusenda.

"Chala chinatsetsereka," anatero. Tinawalola kuyambiranso. Ulendo wachiwiri botolo analisiya, anakumana ndi makoswe atatu, anathamangira pakati pawo ndi ndodo ngati ali ndi lupanga lija, anadyedwa. Ulendo wachitatu anathawa makoswe n'kugwera m'dzenje. Apa anthu anali atasiya mafoni awo, onse aunjikana kumbuyo kwa mpando, kuseka kwake kofika kumsewu. Bambo wa ku Zobue ankangoti, "Kalma, amigo, modekha, gwiritsani mutu uja." Ine ndinatsika mwakachetechete mpaka phanga lachisanu, n'kuika foni pansi. Zinandikoma. Sindinamize munthu, zinandikoma kuposa chakudya chilichonse chimene ndinadyapo chaka chimenecho.

Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma ine ndikayamba sinditha kusiya chakudya m'mbale. Ndinaimiriranso.

"Mwamuona katswiri wanu? Miyezi yonseyi akatembenukira kukhoma amalemba mbewu ya malemu achimwene. Akhala akukolola m'munda wa munthu wakufa n'kumatiuza za mutu. Foni ya malemu anaiflasha ndi iwowa. Ine mlongo wake ndinapita kukapempha mbewuyo mwaulemu, anandimana, n'kunditukwana."

Kuseka kunatha. Za chinyengo anthu akanaseka n'kuiwala, koma kumana mbewu, ndiponso ya malemu, ndi nkhani ina. Bambo wa ku Zobue anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Amigo, zoona zimenezi? Mbewu kumana?"

Alamu anazula tchaja changa n'kuchiika pabenchi. Anaimirira pang'onopang'ono. Anatembenukira kwa ine n'kuyankhula osakweza mawu.

"Ndinakumanani liti, alamu? Munandifunsa kumpopi, ndinakuuzani kawiri. Mbewuyo ndi wankhwidzi. Malemu analemba dzina lanu. Ndinawapempha asananyamuke ulendo womaliza, anandipatsa, akuseka, anati ndisakuuzeni mpaka mutatsegula chitseko."

Anthu onse anandiyang'ana.

"Ndinaona kuti simunamve," anapitiriza. "Ndinati ndikusiyeni mupse kaye pang'ono, ndi chilamu, mudzazindikira nokha. Sindimadziwa kuti mukukonza zondivula pagulu. Ndiye poti tafika apa, ndikuthandizeni kuti musavutike. Chitseko chanu chija ndinatsegula kalekale, kangapo konse. Muli makoswe awiri. Palibenso china."

Anatenga mafayilo awo n'kulowa mu ofesi. Mpando unatsala wopanda munthu, ndipo ngakhale unali wanga tsopano, sindinakhalepo.

Chimene sindinachiganizire n'choti mbewuyo inanenedwa pagulu. Pasanathe mphindi khumi aliyense anali ataweramira foni yake. Ndinkamva anthu akufunsana kalembedwe ka dzina langa. "Pali h pambuyo pa k?" "Eya, n, k, h, w." "Eee, taonani lupanga m'chipinda choyamba!" Madalaivala anapita nayo ku Tete, ena ku Blantyre. Munda umene tinkayendamo awiri mwamantha unasanduka njira ya aliyense, ndipo anandiuza kuti mpaka ku Beira kuli anthu amene amalemba wankhwidzi osadziwa n'komwe tanthauzo lake.

Alamu gemu anaichotsa m'foni tsiku lomwelo. Achemwali sanandiyankhule mpaka nyengo ya manachesi inatha. Masiku ano tikakumana pa maukwati ndi pa maliro timapatsana moni wathunthu, kufunsana za ana ndi za kumunda. Ndikati ndinawakhululukira ndiye kuti ndanama. Mbewu sanandimane, chimenecho ndinavomera, ndipo manyazi ake ndi anga. Koma anaona kuti sindinamve n'kundisiya milungu isanu. Ndipo chitseko chija anachitsegula ndi pakamwa, mwadala, akudziwa bwino lomwe kuti ndi chokhacho chimene achimwene anandisiyira. Anandibwezera pamalo oyenera, ndiyenera kuwayamikira, m'banja mwathu analowa mokwanira.

Mbewuyo ndinailemba Lamlungu lotsatira masana, nditakhala pakhonde la kunyumba kwanga. Phanga loyamba linatuluka lomwe lija, mphika wosweka kumanzere, lupanga patsogolo. Ndinaganiza za achimwene ataphimba foni ndi dzanja, akuseka okha miyezi inayi yonse pamene ine ndinkayenda m'dzina langa osadziwa. Ndinawatukwana mokweza, kenako ndinalira.

Kutsika kunandivuta kuposa mmene ndinkaganizira. Mapanga anga ndinkawadziwa ngati m'nyumba mwanga, koma a achimwene ndinkangowaonera ndi diso limodzi ndikusenda manachesi. Ndinafa m'lachitatu, ndinafa m'lachisanu kambirimbiri, m'lachisanu ndi chiwiri muli chinjoka chimene sindikudziwa kuti iwo anachidutsa bwanji. Pakhonde la kuntchito panali anthu oti akanandiuza njira yonse, koma ndinalumbira kuti wondiuza kanthu ndimuthira madzi. Mvula yoyamba itagwa ndi pamene ndinatolanso kiyi kuseri kwa chifanizo chogumuka, n'kutsika makwerero.

Chitseko chinali pomwepo, ndi mizere yake yofiira. Ndinasenda nachesi lomaliza la chaka chimenecho, louma kale m'kati, ndinakhala phee monga achimwene ananenera. Mumtima ndinkapemphera kuti alamu akhale kuti ananama, kuti nawonso anandipatsa mtedza wokazinga. Ndinatsegula.

Anali makoswe awiri. Ndinawapha onse, ndinayendera makona anayi a chipindacho, munalibe kanthu. Phanga limenelo silinali langa, linali la achimwene, ndipo ndinazindikira kuti dzanja langa latambasukira kumanja, likupereka foni.